Kapepala Kowerengedwa Kawiri

Pa ofesi ya kampani ina ya mumzinda wa Hsinchu, pa chilumba china cha kum'mawa kutali, yopanga makina ofufuza zilema pa nsalu, panali desiki imodzi imene anthu ankaidutsa mothamanga ngati pamangidwa galu. Inali pakona, pafupi ndi zenera limene linkalira ndi mphepo chaka chonse, ndipo mwini wake anali a Peng Chin-lung, bambo wamfupi, wa imvi, wosaseka zopanda pake. Sankakalipira munthu. Ngakhale amene wangoyamba ntchito dzulo ankamuyankhula ndi ulemu wonse. Koma ulemu wawowo ndi umene unkaopsa, chifukwa akangoti, "Pepani, mungabwere pang'ono?" munthu ankadziwiratu kuti ntchito yake ikubwerera.

Ntchito ya a Peng inali kuwerenga ntchito za anzawo. Mzere uliwonse wa pulogalamu wofuna kulowa mu kenelo unkayenera kudutsa kaye m'maso mwawo, ndipo akapanda kusainira, mzerewo unkagona panja. Kenelo ndiye mtima wa pulogalamu yoyendetsa makina onse. Ndi iye amene amatsegula mafayilo, amagawa malo osungira zinthu, amauza aliyense kuti apa lemba, apa usayerekeze. Kenelo akalakwitsa palibe wina pamwamba pake woti amubweze. N'chifukwa chake a Peng ankawerenga pang'onopang'ono, pa mapepala osindikiza, chala chili pamzere, ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Kumbali anzawo ankawatcha a Sizinapse, poti ndiwo mawu amene ankabwezera nawo ntchito za anthu.

Lai Pei-shan yekha ndi amene sankawaopa, ndipo kunena chilungamo, anali ndi chifukwa. Anali mayi wa mutu wakuthwa, wogwira ntchito ngati alibe kwawo. Matenda ake anali amodzi, omwe amakonda kugwira anthu anzeru: anakhoza kambirimbiri mpaka anaiwala kuti naye akhoza kulakwa.

Kwa zaka ziwiri Pei-shan ankalimbana ndi chinthu chimodzi. M'makina awo munali zipangizo ziwiri zoganiza. Chachikulu ndi momwe munkakhala kenelo. Chinacho chinali chothandizira, ndipo ntchito yake inali kuyang'ana zithunzi za nsalu ikamathamanga pansi pa kamera, n'kuona pamene ulusi waduka kapena pamene padontha mafuta. Chothandiziracho chinkagwira tintchito masauzande nthawi imodzi, motero anachipatsa dzina loti Manjachikwi. Koma Manjachikwi, ndi manja ake onsewo, analibe chilolezo chotsegula ngakhale fayilo imodzi. Akaona chilema ankangofumbata chithunzicho n'kumadikira kuti wamkulu abwere kudzatenga, ndipo podikirapo nsalu inkayenera kuyenda mwaulesi.

Pei-shan anakonza njira yoti Manjachikwi azipempha yekha kwa kenelo. Anapatula kamalo kamene onse awiri ankatha kulembapo ndi kuwerengapo, ngati thebulo la pakati loikapo timapepala. Manjachikwi ankalemba pempho lake pamenepo: chithunzi ichi chilembedwe mu fayilo yakuti. Kenelo ankawerenga, kuona ngati pempholo n'lololedwa, kenako n'kulichita. Pakamwa n'zosavuta, koma zinamudyera mayiyu zaka ziwiri, maukwati a anzake atatu ndi maulendo ambiri okaona makolo ake. Zotsatira zake zinali zosiririka ndithu. Nsalu imene inkayenda mamita 40 pa mphindi inayamba kuyenda mamita 60.

Akuluakulu a kampani anali atatopa n'kudikira. Anagamula kuti makinawo akayesedwe pa fakitale ya nsalu ya Mayi Hsiao ku Changhua. Akakakhoza, njira ya Pei-shan ilowa m'makina onse. Akakalephera, ntchitoyo itsekedwa, abwerere ku njira yakale, zaka ziwirizo zilowe m'madzi. Chimene chinatsala chinali siginecha ya a Peng basi.

Lachiwiri masana, kutatsala masiku khumi kuti apite, a Peng anaima pa desiki ya Pei-shan, mapepala ali m'khwapa.

"Chemwali, mwadya?"

"Sindinadye, akulu. Mwamaliza kuwerenga?"

"Tiyeni tikadye kaye. Nkhani ya panjala imatuluka yopindika."

Akanafuna, a Peng akanalemba zimene anapezazo pa tsamba la gulu lonse, pomwe aliyense amawerenga ndemanga, poti ndiwo unali mwambo wa pa ofesipo. Iwo anasankha kumutengera ku kanyumba ka Mayi Chung kuseri kwa msika, komwe ankaphika mifen, tizingwe ta ufa wa mpunga touma ndi mphepo ya mumzindawu. Atakhala pansi, a Peng anatenga kapepala koitanitsira chakudya ndi pensulo yomangidwa pa chingwe, n'kuchonga mbale ziwiri. Kenako anakodola mwini malo.

"Mayi, taonani apa. Zilipo?"

Mayi Chung anasuzumira. "Zilipo. Bweretsani kuno."

"Ayi, kapepalaka kasiyeni pompano. Ophika abwere adzawerengere pathebulo pano."

"Iii, madala, lero mwadzukira kuti? Ndikasiye pano kuti ndikangotembenuka muwonjezerepo ziro, ine ndiphike mbale makumi awiri? Ndikudziwani anthu a makompyuta inu." Anatsomphola kapepalako, n'kukaponya m'thumba la epuloni, ulendo wa kukhitchini.

A Peng anatembenukira Pei-shan. "Mwaona? Mayiwa sanaponde ku yunivesite, koma kenelo wawo ndi wochenjera kuposa wanu."

Pei-shan sanaseke. "Nenani zimene mwapeza, akulu."

"Kenelo wanu amawerenga pempho kawiri. Koyamba amawerenga kuti aone ngati n'lololedwa. Akakhutira, amabwereranso pomwepo kukawerenga kachiwiri kuti alichite. Koma nthawi yonseyi kapepalako kali pathebulo, ndipo pensulo ili m'manja mwa Manjachikwi. Chimene kenelo wavomereza ndi chimene akuchita zikhoza kukhala zinthu ziwiri zosiyana."

"Manjachikwi ndi wathu yemwe. Pulogalamu yake ndinalemba ndine ndi manja angawa. Anamize kenelo kuti apindule chiyani?"

"Sindikunena kuti ndi wakuba. Ndikunena kuti ali ndi manja chikwi. Mapempho akachuluka, dzanja lina likhoza kuyesa kuti kapepala katha ntchito, n'kulembapo zake pamwamba."

"Makinawa ayenda masabata atatu mu labu osalakwa olo kamodzi."

"Pa nsalu iti?"

"Yathu ija."

"Yoyera ija, ya zilema zisanu ndi ziwiri, imene mumangoizunguliza? Pa nsalu imeneyo Manjachikwi amapempha mwa apo ndi apo. Sanapanikizikepo chibadwire."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani?"

"Zimene achita Mayi Chung. Kenelo atenge pempholo, alikopere m'thumba mwake momwe wina sangapisemo dzanja, aliwerenge kamodzi, achite chomwecho."

Pei-shan anawerengera m'mutu, ndipo sanachedwe, poti mutu unalipo. Kukopera pempho lililonse kukanadya kanthawi, ndipo timinthawi timeneto tikanatsitsa liwiro kufika pa mamita 55. Nkhope yake inagwa.

"Bwana Kao awauza kale a ku Changhua kuti sikisite."

"Akawauzenso kuti fifite-faifi. Pakamwa sipatha."

"Zaka ziwiri, akulu! Mukufuna ndipite ndi nambala yotsimphina chifukwa cha chinthu chimene inuyo simunachionepo chikuchitika?"

"Sindinachione, n'zoona," anatero a Peng, uku akupukuta timitengo todyera. "Koma sindisaina."

Chakudya chinafika, koma Pei-shan anangochitokosa. Mtima unali utamupsa, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri n'choti pansi penipeni pa mtimapo panali kamawu kakang'ono kovomereza kuti madalawa akhoza kukhala akunena zoona. Kamawu kameneko anakapondereza. Atabwerera ku ofesi analunjika kwa Kao Wen-hsiung, bwana wa gulu lawo, munthu wa pakamwa pa uchi amene sanauzepo aliyense kuti walakwa.

"Asiye madala amenewo," anatero Kao akuseka. "Akanakhala azamba, bwenzi ana akubadwa ndi ndevu. Iwe Pei-shan ndiwe nyenyezi ya kampani ino. Sikisite! Ukudziwa kuti palibe wina pachilumba chino wafikapo pamenepo? Bweretsa kuno."

Lamulo linkalola bwana kusaina m'malo mwa wowerenga zinthu zikafika pothina. Kao anasaina ali chiimire, osatsegula ngakhale tsamba loyamba. Pofika madzulo nkhani inali itamveka ofesi yonse kuti mpanda wa a Sizinapse wadumphidwa, ndipo amene anabwezedwapo kale ankayenda akumwetulira ngati awina mlandu.

A Peng sanakadandaule kwa akuluakulu, sanalembe kalata, sanatupe nkhope. Anapitiriza kuwerenga mapepala ena. Tsiku loti mawa ndi ulendo, anakumana ndi Pei-shan awiriwiri pa chikepe, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Mukakafika, akakakupatsani nsalu yoipa, musakaiyendetse pa liwiro lonse."

"Ndamva, akulu," anayankha Pei-shan. Anali "ndamva" uja wa munthu amene sanamve.

Makina anakwezedwa m'galimoto. Pamwamba pake anamatapo kapaketi kobiriwira ka zokhwasulakhwasula kamene anthu a kumeneko amaika pa makina pokhulupirira kuti akhala omvera, ndipo Pei-shan mwiniwake anayang'ana tsiku pa kapaketiko kuti aone ngati sikanathe mphamvu. Anayang'ana mosamala zedi. Mapepala a a Peng, okhala ndi mizere iwiri yozunguliridwa, anatsala m'dirowa.

Mayi Hsiao, mwini fakitale ya ku Changhua, anayamba kuima pa makina oluka ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo makutu awo anali atagontha pang'ono ndi phokoso. Ankayankhula mokuwa, koma mawu ake ochepa. M'mawa wonse wa Lachisanu anaima manja ali kumbuyo, kuonerera nsalu yabuluu ikuthamanga pansi pa kamera. Chilema chikadutsa, nyali yofiira inkayaka, kabelu n'kulira, chithunzi n'kusungidwa. Palibe chimene chinaphonyedwa. Kao ankangozungulira ngati tambala, kuuza aliyense kuti iye anaona kalekale kuti mtsikanayu ndi wapatali. Pei-shan anadya nkhomaliro mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi.

Atadya, Mayi Hsiao anakuwa kwa antchito awo. "Tabweretsani mpukutu uja wa pakona!"

Amuna awiri anabwera akukankha mpukutu wa nsalu yotuwa. Unalukidwa tsiku limene makina ena anawonongeka osadziwika msanga, ndipo unali ndi zilema zokhazokha. Amayi awiri ofufuza nsalu ndi maso anali atauyendera kale, n'kuchonga ndi choko kuseri kwake zilema mazana atatu ndi khumi ndi ziwiri.

"Nsalu yabwino aliyense amaidziwa," anatero Mayi Hsiao. "Ndikufuna ndione apa."

"Palibe vuto, mayi!" anatero Kao. "Pei-shan, ika pa sikisite."

Dzanja la Pei-shan linaima pa batani. Mawu a pa chikepe aja anamubwerera bwinobwino, liwu ndi liwu. Akanatha kunena kuti tiyambe pang'onopang'ono. Koma maso onse anali pa iye, Kao anali atanena kale, ndipo kubwerera m'mbuyo kukanaoneka ngati mantha. Anaika pa 60.

Kwa mphindi zinayi zinali zokoma kuonerera. Nyali yofiira inkaphethira mosalekeza, kabelu kakulira ngati kapenga, Manjachikwi akuponya mapempho pathebulo lija mazanamazana. Kenako nyali inazima, kabelu kanati zii. Nsalu inkathamangabe, ulusi woduka ukudutsa poyera pansi pa kamera, mabowo oti n'kulowetsa chala akudutsa, makina ali phee. Patafika kachigawo kosalala, kopanda chilema chilichonse, kabelu kanalira mwamphamvu.

"Aledzera makinawa!" anatero mmodzi wa amayi ofufuza aja, ndipo anzake anaseka chikhakhali.

Mayi Hsiao sanaseke. Anayang'ana Kao.

"Ine za m'katimu sindizidziwa, mayi," anatero Kao, uchi uja utauma. "Ine ndimangosaina zimene akatswiri andipatsa."

"Shifiti isintha folo koloko," anatero Mayi Hsiao. "Ikamakwana nthawi imeneyo, kaya makina agwire ntchito, kaya mundibwezere malo anga." Anatembenuka n'kupita ku ofesi kwawo. Nthawi inali itangopitirira thu koloko.

Pei-shan anagwada pambali pa makina ndi laputopu yake. Sanafufuze nthawi yaitali. M'makinamo munali fayilo yosunga chitsanzo cha nsalu yabwino, chimene Manjachikwi ankayerekezera nacho nsalu iliyonse, ndipo fayiloyo inali yongowerenga, yosayenera kulembedwamo. Tsopano munali chithunzi cha bowo. Kenelo anali atavomereza pempho lolemba chithunzi mu fayilo ya zilema, koma pobwerera kukawerenga kachiwiri anapeza dzanja lina litalembapo nambala ya fayilo ya chitsanzo, ndipo anangolemba osafunsanso. Kuyambira pamenepo makina ankakhulupirira kuti bowo ndiyo nsalu yabwino, ndipo nsalu yabwino ndiyo chilema. Zinachitika ndendende monga zinanenedwera pathebulo la Mayi Chung.

Anatuluka panja, pabwalo lopakirira katundu, foni ili m'manja. Manyazi anamugwira. Njira yokonzera ankaidziwa, poti anauzidwa kale, koma kusintha kenelo m'maola awiri popanda diso lachiwiri kunali kutchova juga ndi zaka ziwiri za moyo wake, ndipo diso lokhalo limene ankalikhulupirira linali la munthu amene anamudumpha pamaso pa ofesi yonse. Anaima pamenepo mphindi zingapo, akulimbana ndi kudzikuza kwake. Kenako anaimba.

"Akulu, ndine Pei-shan."

"Ndikumva, chemwali."

"Zachitika."

Anadikira mawu aja oti "ndinanena." Anali atakonzeka kuwameza. Sanabwere.

"Chalembedwa pati?" anafunsa a Peng.

"Pa chitsanzo."

"Muli nacho china chosungira?"

"Ndili nacho."

"Ndiye palibe chimene chafa."

Nthawi yomweyo galimoto yotola zinyalala inakhota pamsewu wa kutsogolo kwa fakitale, ikuliza kanyimbo kake ka masiku onse. Pei-shan anakamva ndi khutu la kumanzere kakuchokera pamsewu. Kenako anazindikira kuti akukamvanso ndi khutu la kumanja, kakuchokera mu foni.

"Akulu, muli kuti?"

"Ndikudya."

"Mukudya kuti?"

"Anthu amati bawan wa ku Changhua ndi wabwino. Ndinatenga tchuthi cha tsiku limodzi kuti ndidzalawe."

Pei-shan anakweza maso. Kutsidya kwa msewu kunali kanyumba kogulitsa bawan, zitumbuwa zoterera zija za nyama m'kati, ndipo pazenera pake panaoneka mutu wa imvi. Anathamangira m'fakitale, anatenga laputopu, n'kuwoloka msewu osayang'ana njinga zamoto zimene zinkamuimbira mabelu.

"Ndiye ameneyu?" anatero mayi wogulitsa bawan atamuona akulowa. "Akhala pano kuyambira teni koloko, tiyi ketulo yachitatu, maso pa geti ya fakitale. Ine ndimayesa akudikira chibwenzi."

A Peng anangokhosomola. Pei-shan anakhala pansi, mpweya uli m'mwamba.

"Bwanji simunalowe?"

"Ndikanalowa mukanati ndabwera kudzaonerera mukugwa. Zikanayenda bwino, bwenzi nditakwera sitima yobwerera inu osadziwa kanthu."

Misozi inalengeza, koma nthawi yolira panalibe. Anakankhira laputopu kwa a Peng. "Lembani inu, akulu. Ine ndalephera."

A Peng anaibweza ndi zala ziwiri. "Simunalephere. Njira imene mwapangayi ine sindikanaiganiza ngakhale mutandipatsa zaka khumi, ndipo ndikunena zoona. Mwalakwitsa mizere iwiri mwa mizere masauzande asanu ndi limodzi. Ntchitoyi ndi yanu. Lembani, ine ndiwerenga."

Mawu amenewo sanawayembekezere. Kao anamuyamikira tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, koma chiyamikiro cha munthu wosawerenga sichikhutitsa. Uyu anali atawerenga mzere uliwonse. Pei-shan anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kulemba.

Inali mizere khumi ndi umodzi. Kenelo atenge pempho, alikopere kwake, ayang'ane chimene wakoperacho, achite chomwecho, osabwereranso pathebulo. A Peng anavala magalasi, anakokera mpando pafupi, n'kuyamba kuyendetsa chala pa galasi la laputopu mzere ndi mzere, pang'onopang'ono ngati tsiku lonse ndi lawo. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa fili koloko. Pei-shan ankafuna kukuwa kuti fulumirani, koma analuma mlomo. Chala chinaima pa mzere wachisanu ndi chitatu.

"Apa."

Pei-shan anayang'ana, n'kuona vuto. Mwa changu anali atakopera dzina la fayilo koma n'kuiwala kukula kwa chithunzi, kumene kenelo akanakakuwerengabe pathebulo lija. Matenda omwewo akanatsala, kungosintha chiwalo. Anakonza. A Peng anayambiranso pamwamba, mpaka pansi, kenako anavula magalasi.

"Pitani. Mukapemphe mpukutu womwewo, muuyendetse katatu. Ndipo za liwiro mukawauze musanayatse makina, asakazionere okha."

Pofika hafu pasiti fili, Pei-shan anali ataima pamaso pa Mayi Hsiao, antchito onse akumva.

"Mayi, cholakwa chinali changa. Ndinachenjezedwa masiku khumi apitawo ndi mkulu wa ku ofesi kwathu, koma sindinamvere chifukwa ndinkafuna kukusangalatsani ndi nambala. Ndakonza. Koma makinawa sayenda pa sikisite monga tinakulonjezani. Ayenda pa fifite-faifi."

"Zimenezo n'zongoyembekezera, mayi," analowerera Kao msangamsanga. "Tikabwerera ku Hsinchu tikaikwezanso mpaka..."

"Sitikaikweza," anatero Pei-shan. "Ndi fifite-faifi."

Mayi Hsiao anatembenukira Pei-shan. "Ogulitsa makina abwera pano ambiri," anatero mokuwa monga mwa masiku onse. "Nambala zawo zimangokwera. Ndiwe woyamba kutsitsa. Yatsa."

Mpukutu wotuwa unayenda koyamba, nyali ikuphethira mpaka kumapeto. Unakulungidwanso, unayenda kachiwiri. Pei-shan anaima manja atafumbata, osaphethira, mtima ukugunda limodzi ndi kabelu. Pa ulendo wachitatu antchito a shifiti ya madzulo anali atayamba kulowa, n'kuima mozungulira ndi zikwama zawo. Maulendo onse atatu makina anapeza zilema mazana atatu ndi khumi ndi zinayi.

"Zawonjezera ziwiri," anatero mayi uja anati makina aledzera. "Zikunamabe."

Mayi Hsiao analamula kuti afunyulule pamalo awiriwo. Anawerama, anayendetsa chala chachikulu pa nsalu, n'kupeza timaulusi tiwiri tophonyana, tating'ono moti choko sichinatione. Anawongoka, anayang'ana mayi woseka uja, ndipo mayiyo anayang'ana kudenga.

"Awa atsale pompano," anatero Mayi Hsiao. "Mundikonzere ena atatu."

Kao anali kale pa foni, akuyenda uku ndi uku, kuuza akuluakulu a ku Hsinchu mmene iye anagwirira zinthu pa nthawi yovuta. Pei-shan sanamumvere n'komwe. Ntchito yake ya zaka ziwiri inali yamoyo, ndipo panali munthu mmodzi yekha padziko amene ankafuna kumuuza. Anawolokanso msewu akuthamanga.

Pazenera paja panalibe munthu. Mayi wa bawan ankapukuta thebulo.

"Apita, mwanawe. Atangomva anthu akuwomba m'manja m'fakitalemo ananyamuka, akuti sitima siidikira munthu. Koma asiya uthenga, andibwerezetsa katatu ngati mwana wa sukulu." Anaima, n'kutseka maso kuti akumbukire bwino. "Akuti mwachita bwino kwambiri. Akutinso pa fayilo yotseka mapempho, mzere wa folo handiredi thwelofu, pali kanthu kena kakang'ono. Si ka changu. Mukaoneko Lolemba, ndipo iwo sauza munthu."

Pei-shan anakhala pampando umene unali ukadali wofunda, ndipo anayamba kuseka, kenako kulira, mpaka mayi wa bawan anamubweretsera tiyi osafunsa kanthu. Anali ndi chimwemwe, anali ndi manyazi, koma koposa zonse ankathokoza. Bambo amene ofesi yonse inkamuthawa anali atakwera sitima yekha, n'kukhala tsiku lathunthu pa mpando wolimba kutsidya kwa msewu, kuti mayi amene anamunyoza asagwe yekha. Okuwombera m'manja ndi ambiri, ndipo zinthu zikavuta manja omwewo amasamba nawo. Akulu akale sananame pamene ankati wakutsina khutu ndi mnansi.